Ndevu za a Girdhari Tsiku Lopita kwa Amalume

M'tauni yathu mwamuna amameta ndevu za pamlomo kamodzi kokha, tsiku lomwe bambo ake amwalira. A Girdhari anameta zawo akadali mnyamata, pochokera kootcha mtembo wa bambo awo, ndipo kuyambira pamenepo lezala silinadutsenso pansi pa mphuno yawo. Ndevuzo zinakula, zinachita imvi, zinapindikira m'mwamba ngati nyanga za ng'ombe ya pangolo. M'mawa uliwonse ankazipaka mafuta a mpiru. Fakitale ya simenti yomwe anailondera pa zaka zawo zonse za mphamvu inawasiyira chifuwa chosatha ndi wotchi yapakhoma yosayenda. Munda anagulitsa kalekale. Chinthu chokha chomwe chinkachititsa anthu kuyamba ndiwo kuwapatsa moni chinali ndevuzo.

Ndiye anazibetcha.

Zinachitikira pansi pa mtengo wa nimu, pomwe Badri amagulitsa tiyi ndipo Mangilal wometa anakhomera galasi lake pathunthu. Mangilal ndi a Girdhari anathawa sukulu chaka chimodzi, ali sitandade folo, ndipo chithawireni sanagwirizanepo kanthu. Mangilal anali ndi kambendera pamwamba pa galasi. Ukakhala pampando wake sumangometedwa, umaphunzitsidwanso kuti nambala ya ziro tinatulukira ndife, kuti mankhwala a theka la dziko lapansi amapangidwa kwathu, kuti azungu tsopano akulembedwa ntchito ndi ana athu. A Girdhari ankayankha kuti ziro anaitulukiradi, n'chifukwa chake amaigawira aliyense mosaumira. Akatero ankaloza mpope wa pamphambano, womwe unatsegulidwa ndi nkhata zamaluwa ndi ng'oma, koma ntchito yake tsopano inali yomangirirapo mbuzi.

Panali chinthu china chomwe aliyense ankachidziwa. A Girdhari sankanena kuti "ife". Ponena za dziko lomwe anabadwiramo ankati "awa", kapena "anthu ako aja", ngati iwo anangotsika basi kudzagula fodya.

Sabata imeneyo nkhani inali imodzi, ya chombo chomwe akatswiri athu anatumiza ku mwezi. Kwathu mwana aliyense amakula akudziwa kuti mwezi ndi amalume ake, choncho anthu ankangoti tikupita kwa amalume. A Girdhari anakumbutsa onse kuti chombo chathu cham'mbuyomu chinakagwa chamutu, kuti cha a ku Russia chinali chitangophwanyika masiku omwewo, komanso kuti amalume olemera salandira achibale obwera ndi nkhwaira zoduka.

"Nanga chikatera mudzati chiyani, madala?" anafunsa Mangilal, akunola lezala pachikopa.

"Chikatera udzandimete ndevu izi pompano, ndi chilezala chako chobunthacho."

Badri anasiya kusefa tiyi. A Girdhari sanafunse n'komwe kuti Mangilal abetcha chiyani, chifukwa munthu amene akudziwa kuti wapambana safunsa zambiri.

Nkhani inafika kunyumba iwo asanafike. Akazi awo, a Kesar, anawaponyera chapati m'mbale mopanda ulemu.

"Bambo a Sunita, mukameta anthu adzabwera kudzakhuza. Ndidzawauza kuti wamwalira ndani?"

Iwo anati mkazi asade nkhawa, anthu amene alephera kufikitsa madzi pamphambano sangafikitse chitsulo kumwamba. A Kesar anati pakamwa pawo ndi pomwe panagulitsa munda, tsopano payamba kugulitsa nkhope.

Tsikulo litafika tauni yonse inapenga. Kukachisi mabelu analira kuyambira m'mawa, kumzikiti anapempherera chombocho, ana asukulu anayenda ndi timbendera mpaka fumbi linatseka msewu. Badri anasanja makreti n'kuikapo wailesi yakanema, ndipo anaitanitsiratu thireyi ya maswiti a ufa wa nandolo. Pofika chakumadzulo pansi pa nimu panalibe poponda. A Girdhari anakhala pabenchi lakutsogolo, nduwira yochapa kumutu, ndevu zili nyezinyezi. Anali atakonzeratu mawu oti adzanene chombocho chikagwa, ndipo ankawabwereza chamumtima kuti asaiwale pokoma.

Pakanema panaoneka akatswiri ali m'mizere, maso pa makompyuta. Wolengeza anati chombo chayamba kutsika. Pomwepo magetsi anathima.

Kwa kanthawi kunangomveka mbuzi ya pampope. Kenako wina anatukwana, wina anaseka, ndipo aliyense anasolola foni. Koma tauni yonse inathamangira pakhomo limodzi la netiweki, ndipo mafoni onse ankangozungulitsa kachizindikiro kaja, osaonetsa kanthu. Anyamata ena anakwera padenga la Badri mafoni ali m'mwamba ngati akupempha mvula. A Girdhari anamva kukoma mpaka m'mawondo. Ananena mokweza kuti anthu a Mangilal apita kukayatsa nyali kwa amalume atasiya kwawo kuli mdima.

Amene anakumbukira wailesi anali Badri. A Girdhari ankayenda ndi kawailesi ka ku Japan m'thumba la malaya, komwe mlamu wawo anawabweretsera kuchokera ku Dubai kale kwambiri. Ankakanyadira chifukwa sikanapangidwe kuno. Koma ukalamba unali utakagwira pakhosi, kankangonong'ona, moti womva anali yekhayo amene wakakanikiza kukhutu. Anthu anawachonderera. Iwo anakatulutsa mosafulumira, anakapukuta ndi mkono wa malaya, n'kukaika kukhutu. Khamu lonse linatembenuka, kusiya kanema wakufayo n'kuyang'ana nkhope yawo.

Apa anazindikira kuti nkhani yonse ili m'manja mwawo. Zikavuta akanatha kunena kuti mabatire atha, n'kudzuka, n'kukwera basi ya m'mawa kupita kwa mwana wawo Sunita mpaka anthu ataiwala. Maganizo amenewa anawakhazika mtima pansi, ndipo anayamba kupereka nkhani pang'onopang'ono, mothira tsabola. Anati akuti chikutsika, koma kugwa nakonso ndi kutsika. Anati akuti zonse zikuyenda bwino, monga ananenera tsiku lotsegula mpope.

Kenako anasiya kuyankhula. Wolengeza wa m'kawailesi anali atayamba kunjenjemera mawu. Ankanena kutalika komwe kwatsala, ndipo nambalazo zinkachepa. A Girdhari anaona m'maganizo mwawo kanthu kakang'ono ka miyendo yoonda, kali kokhakokha kutali kumeneko, kopanda woti akagwire kakapunthwa. Anakumbukira amayi awo akuika beseni la madzi pabwalo n'kuwaonetsa mwezi m'menemo, amvekere amalume abwera kudzacheza koma sakhalitsa. Anafuna kuchotsa maganizo opusawo. Anapeza dzanja lawo lina litagwira ndevu, ndipo milomo yawo ikuyenda yokha, ikunena zomwe munthu amauza ngamira yolemedwa ikamatsika chitunda: bwinobwino mwanawe, usathamange, bwinobwino.

M'kawailesi munaphulika kuwomba m'manja.

"Tatera," anatero a Girdhari.

Palibe anagwedezeka. Mangilal anaweramira pafupi, dzanja kukhutu ngati gonthi.

"Mwati chiyani, madala?"

"Ndati tatera. Uli ndi thonje m'makutu?"

"Ndamva. Ndimangofuna kudziwa kuti mwatera inu ndi ndani."

Tsidya la njanji, komwe kumakhala mabwana ndipo magetsi sathimathima, makombola anayamba kulira. Apo ndiye pansi pa nimu panasokonekera. Anthu anakumbatirana, thireyi ya maswiti inagubuduka, anyamata a padenga anatsala pang'ono kuboola malata. Tinakondwerera chinthu chomwe palibe mmodzi wa ife anachiona, titachimva kwa munthu amene moyo wake wonse ankatiuza kuti sitingathe kanthu, kudzera m'kawailesi ka eni ake. A Girdhari anangokhala pabenchi, akudzifunsa kuti mawu aja atuluka bwanji. Mawu okoma omwe anakonzera kugwa kwa chombo anali akadali m'kamwa, opanda ntchito.

Phokoso litachepa Mangilal anabwera, maso ali ofiira. Anati tsiku ngati limeneli si lochititsana manyazi, kubetcha kuja kunali kocheza, ndevu zikhale. Anthu anavomereza, ena mpaka anawomba m'manja kuyamikira mtima wabwino wa wometayo. Zimenezi ndi zomwe a Girdhari sakanatha kuzimeza. Kuluza anali atakuzolowera, koma kukhululukidwa ndi Mangilal pagulu, n'kumayenda ndi ndevu zachifundo mpaka imfa, ayi. Anadzuka n'kukakhala pampando wa pansi pa galasi.

"Meta. M'dziko muno papezeke munthu mmodzi wochita zomwe walonjeza."

Mangilal anameta mofulumira kusanade, pakuti magetsi anali asanayake. A Girdhari anadandaula kuti sopo ndi wonunkha, lezala ndi lobuntha, ndipo dziko lotumiza zombo kumwamba likanayamba laphunzira kusula chitsulo chodula. Ndevu zinagwera pansalu, mbali imodzi kenako inzake. M'galasi munatsala nkhalamba ya mlomo wotuwa, waufupi, yofanana kwambiri ndi amayi ake.

Panjira yopita kwawo anakumana ndi mayi wina wokalamba wa nyumba yoyandikana ndi yawo. Atawaona anagwetsa mtolo wa udzu, nakokera nsalu kumaso, n'kufunsa monong'ona kuti zachitika liti. Anamuuza kuti sikunafe munthu, koma mayiyo anapitabe akupukusa mutu.

A Kesar anawayang'ana kamodzi n'kutembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. A Girdhari anapempha madzi osamba kumaso. Mkaziyo anati mumtsuko mwatsala akumwa okha, galimoto ya madzi sinabwere chifukwa dalaivala anapita kukaonera za mwezi.

Anatuluka pabwalo ndi sopo wouma m'masaya. Amalume anali pamwamba pa nyumba ya aneba, theka lokha, osaoneka kuti alandira alendo.

"Akuti chombo chija chapita kukafuna madzi kumeneko," anatero a Kesar ali pakhomo.

"Tikawapeza adzathera tsidya la njanji," anayankha a Girdhari. Anamva okha kuti anenanso "ti", ndipo anakweza dzanja kuti apotokole ndevu, n'kugwira mphepo.