Phiko la Ndege pa Mzati Wathu

Anthu amati ndine wapakamwa, koma nkhani iyi sindinathiremo mchere ayi.

Timakhala m'nyumba yosanja, ife pamwamba, ndipo khonde lathu limatsamira pa mzati umodzi wa konkire. Mzatiwo unang'aluka mpaka chala changa chinkalowa. Injiniya wa eni nyumba atauona anangoti, "Ukapanda kulimbitsidwa, musamuke." Amayi sanafune zosamuka. Bambo anamwalira tikukhala momwemu, ndipo mpando wawo ukadali pakhondepo.

Amalume amagwira ntchito kumene amaphwasula ndege zakale. Anabweretsa timizere takuda todulidwa ku phiko, topepuka ngati katoni koma tolimba kuposa chitsulo. Injiniya anavomera kuti atimate pamzati ndi guluu wamphamvu, modutsa mng'aluwo. Ine n'kuti nditauza kale msewu wonse kuti nyumba yathu iuluka.

Koma amayi ndi amanyazi. Pomva kuti injiniya abweranso, anapaka mzati wonse penti yoyera, mng'alu n'kubisika bwinobwino.

Amalume atafika anagwira m'chiuno. "Achemwali, mwatani apa? Guluuyu amafuna konkire yeniyeni. Tikamata pa penti, penti ikadzasupuka zonse zidzayoyoka."

"Ndiye mlendo aone ming'alu yanga?"

"Mlendo uti? Si yemweyo anayamba kuuona?"

"Iwe, usandiyankhe ngati mnzako. Ndinakubereka kumsana ine!"

"Pepani achemwali. Berekaninso ichi," anatero amalume, akuwapatsa chopalira.

Tinapala mpaka manja matuza okhaokha. Mng'alu utayamba kuonekanso, amayi anaima, n'kuusisita ndi chala.

"Bambo ako ankati adzaukonza," anatero motsitsa mawu.

Ine, wapakamwa uja, ndinangopitiriza kupala. Kani penti ija sinali ya mlendo yekha.

Amalume anadzaza mng'alu, n'kumata timizere tija. Guluu atauma, injiniya anabwera ndi kahamala kake. Anagogoda apa, kumvetsera, kugogoda apo. Amayi anandifinya dzanja mpaka kuwawa.

"Wagwira," anatero injiniya. "Khalani. Mukafuna, pakani penti tsopano."

Amayi sanapake mpaka lero. Madzulo amakhala pampando wa bambo, ine n'kumaganiza za phiko lija: linazolowera mitambo, koma pano silisuntha n'komwe, latinyamula ife. Mayi wokhala m'nyumba yapansi akandifunsa kuti tiuluka liti, ndimangoti sitikupita kulikonse.