Madilamu Ozizira

Chipewa anazimitsa injini pamzere wa malole, thukuta likumuyenda kumsana ngati nyerere. Kutsogolo kwake kunatsala malole atatu. Kupitirira apo kunali kanyumba ka malata, sikelo yoyezera katundu, ndi mayi wa ovolosi yabuluu amene madalaivala ankamutcha Kadzanja.

Anzake a mayiyo ankangoona mapepala, kumenya tayala ndi nsapato, basi pitani bwino. Iye ayi. Ankazungulira lole yonse akugwira dilamu ya buleki ya gudumu lililonse. Malo oyendera malolewo anali m'munsi mwa mtsetse wautali, ndipo lole yolemera ikatsika pamenepo imafika madilamu onse akuotcha. Dilamu yozizira imanena chinthu chimodzi chokha: buleki ya gudumu limenelo ili patchuthi.

Chipewa anali nayo imodzi yotero. M'mawa uja paipi ya mpweya ya gudumu lakumbuyo kumanzere inang'ambika, iye n'kuimbira mwini lole, amenenso anali mlamu wake, mlongo wa akazi ake.

"Ipindeni mumange ndi waya, alamu," anatero mwini lole. "Magudumu enawo ntchito yawo n'chiyani? Simenti ikufunika isanakwane folo koloko."

Anaipinda, anaimanga. Kulamula pafoni n'kokoma, chifukwa laisensi imene imaikidwa patebulo si yako. Ya Chipewa inali kale ndi zidindo ziwiri, china cha matayala osalala, china choyendetsa mopitirira maola. Chachitatu chikadindidwa, laisensi imalandidwa chaka chathunthu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, amene ngakhale msomali ankaukhoma pachala chake, chaka chimenecho akanachidya ndi chiyani?

Lole yoyamba inadutsa. Anatsala awiri.

Apa m'pamene nzeru zinamufikira, zija zimafika munthu ali ndi mantha, zovala jekete koma zopanda nsapato. Ngati sangathe kutenthetsa dilamu imodzi, bwanji osaziziritsa onsewo kuti afanane? Anatsitsa zigubu zake ziwiri za madzi osamba, n'kuyamba kuzungulira mowerama, malole akutsogolo akumubisa. Madzi akagwera pa chitsulo ankalira, nthunzi n'kukwera.

Dalaivala wa lole yakumbuyo, mkulu wadazi amene ankamutcha Sipeya, anatulutsa mutu pawindo.

"Mukuisambitsa, achimwene? Ikukakwatiwa?"

"Fumbi."

"Fumbi la kwanu limalira choncho? Muphwanya madilamu inu."

"Yang'anani zanu, akulu."

"Zanga n'zotentha," anatero Sipeya, n'kubweza mutu.

Pomwe mayiyo ankamukodola, zigubu zinali zitauma. Chipewa anasuntha lole, kuimika pa mzere woyera, n'kutsika atanyamula mapepala ndi manja awiri ngati akupereka mwana kwa namwino.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera. Laisensi."

Anaitembenuza, n'kuyang'ana kumbuyo kwake nthawi yotalikirapo.

"Ziwiri," anatero.

"Za kale, mayi. Ndinali mwana."

"Chachiwirichi n'cha mwezi wa Malichi." Anaika laisensiyo m'thumba la pachifuwa n'kutseka batani. "Funso langa mukulidziwa, bambo. Pali vuto pa galimotoyi limene mukulidziwa?"

Funsoli ankalidziwa dalaivala aliyense, ndi lamulo lake lomwe. Vuto ukalinena wekha, limalembedwa pa lole: lole imagona pompo, mwini wake n'kuitanidwa, iwe laisensi yako osakhudzidwa. Akalipeza yekha utakana, limalembedwa pa iwe. Chipewa anaganiza za mlamu wake akuitanidwa, ndi zimene zikakambidwe kunyumba kwa apongozi dzuwa lisanalowe.

"Palibe, mayi. Vuto lili ndi dalaivala, njala."

Mayiyo sanaseke. Anayamba ndi gudumu lakutsogolo kumanja, kulowetsa dzanja kuseri kwa tayala. Analisiya pomwepo kanthawi. Anapita pa lachiwiri, kenako lachitatu. Chipewa ankamutsatira pambuyo. Pa gudumu lakumbuyo kumanzere, lija la waya, mayiyo anagwira n'kupitirira.

Atamaliza kuzungulira anaima, kuyang'ana chikhatho chake. Chinali ndi matope. Kenako anayang'ana kumene lole inaima poyamba, kumene kunali timadambo ta madzi m'mizere iwiri pa phula louma.

"Mvula yagwera lole yanu yokha?"

"Nyengo yasintha masiku ano, mayi."

"Mwatsika bwanji mtsetse uja?"

"Ndi magiya."

"Matani makumi atatu a simenti."

"Ndi pemphero pang'ono."

"Bambo," anatero mayiyo, akupukuta dzanja pa ovolosi, "tamverani zimene dzanja langa likundiuza. Likuti lole iyi ilibe buleki ngakhale imodzi. Ndikalemba zimenezo, nkhani yake si ya chidindo, ndi ya kukhoti. Ndiye ndilowa pansi ndikaone ndekha."

Analowa m'kanyumba kaja. Chipewa anatsala chilili padzuwa. Sipeya anali atatsika, atatsamira bampala ya lole yake, manja m'khwapa, ngati munthu amene wapeza mpando wabwino kumpira. Mayiyo anatuluka ndi tochi ndi katoni yoyala pansi. Anaiponya pafupi ndi magudumu akumbuyo, mbali ya kumanzere. Kaya anasankha dala, kaya zinangochitika, Chipewa sanadziwe. Kuchokera pa katoniyo, wayayo ngakhale wakhungu akanamugwira.

"Msana wanga sukonda zimenezi," anatero mayiyo. "Ndiye ndifunsa kachiwiri, zimene sindichita. Bondo langa likangogunda katoniyi, funso latha. Pali vuto?"

Chipewa anayang'ana thumba lija la batani. Ngodya ya laisensi inkaoneka pansalu.

Mayiyo anagwira tayala, n'kuyamba kutsika. Bondo lakumanja linapindika.

"Paipi," anatero Chipewa. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu. "Paipi ya mpweya, gudumu lomwelo. Ndamanga ndi waya m'mawa."

Mayiyo anaima pomwepo, osagwada, osaimirira. Pakati pa bondo ndi katoni pakanangolowa chala chimodzi. Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana Sipeya.

"Akulu, lagunda?"

Sipeya anakanda dazi lake mosafulumira. "Ine maso anga ndi a patali, mayi. Koma mphepo ikudutsa."

Mayiyo anadzuka akubuula, n'kupatsira Chipewa tochi. "Lowani ndinu. Mundionetse."

Analowa chagada, madzi ake omwe akumudonthera kumaso, n'kuunika paipi yopindidwayo. Mayiyo anasuzumira kamodzi, kugwedeza mutu, n'kuyamba kulemba. Analemba nthawi yaitali. Kenako anamata chipepala chofiira pagalasi lakutsogolo, n'kuloza bwalo la miyala kuseri kwa kanyumba.

"Ikagone uko mpaka makanika abwere. Mwini wake abwerenso yekha, ndi mapepala a galaja." Anatsegula batani lija, koma laisensiyo sanaipereke msanga. "Mukudziwa chakupulumutsani? Mukanapanda kuthira madzi, ndikanapeza dilamu imodzi yozizira, inu mutanena kale kuti palibe. Bwenzi pano ndikupukuta chidindo. Uchitsiru wanu wandisokoneza dzanja."

"Zikomo, mayi."

"Musandithokoze. Mwatsika mtsetse uja ndi anthu kutsogolo kwanu."

Chipewa anatambasula dzanja. Analandira laisensiyo, kuitembenuza, n'kuwerenga zidindo ndi chala ngati zingaswane. Zinali ziwiri.

Anakaimika lole pa bwalo la miyala, kutchinga magudumu ndi mitengo, n'kukhala pa sitepe ya chitseko. Anatulutsa foni n'kuimbira mlamu wake. Itayankhidwa, kunamveka phokoso la galaja ndi mawu a munthu wotafuna.

"Mwafika, alamu? Atsitsa?"

"Alamu," anatero Chipewa, "mwakhala pansi kapena mwaimirira?"