Sutikesi Yochokera Pachilumba

"Tsegula, Raihana," anatero amalume ake, a Waziri, uku akuyang'ana wotchi. "Bwana wandipatsa ola limodzi lokha. Faifi koloko ndikhale nditabweza galimoto ku Al Duhail."

Sutikesiyo inali pakati pa kachipinda kochezera, m'nyumba yosanjikizana ku Bin Mahmoud, mumzinda wa Doha. Zipi yake inali itachita dzimbiri ndi mchere wa m'nyanja, koma Raihana anaizindikira. Inali yomwe ija mchimwene wake Sumaili ananyamuka nayo ku Namwera zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, kupita kukaphunzitsa Chingerezi pa kachilumba kena ku Maldives. Tsopano panali patatha masiku khumi ndi awiri chimwalirireni. Anangogwa ali m'kalasi, choko chili m'manja, ndipo eni chilumba anamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Amene anabweretsa katunduyo anali mwini nyumba, Hawwa, mtsikana wa pachilumba chomwecho yemwe ankagwira ntchito m'famase ku Doha. Zovutazo zinachitika iye ali kwawo kutchuthi. Nambala ya Raihana anaipeza italembedwa mkati mwa chikuto cha dikishonale ya malemuyo.

Raihana anagwada n'kukoka zipi. Munali malaya oyera asanu ositidwa bwino, kofia, mabuku a galamala othothoka masamba, zolembera zofiira zomangidwa pamodzi ndi labala, ndi botolo la tsabola wouma wa kambuzi. A Waziri anawerama n'kuyamba kukutumula mabukuwo limodzilimodzi.

"Mukufuna chiyani, amalume?"

"Kalata ya dimba. Mayi ako anamupatsa iyeyu kuti asunge."

"Lero lomwe?"

"Nanga liti? Iwe shifiti, ine shifiti, tidzaonananso mwezi wamawa. Nkhaniyi tinagwirizana kale. Dimba lipite kwa Nasibu, mwana wanga ali ndi banja koma alibe polima. Mchimwene wakoyu chaka chilichonse ankangoti ndidzabwera, ndidzalima. Munthu wolephera kubwera kudzaika mayi ake omubereka akanabwerera dimba?"

Zinali zoona kuti Raihana anavomera, ndipo anavomera ndi mtima wopsa. Zaka zitatu zapitazo, mayi awo atamwalira, iye anagwadira asupavaiza a kuhotelo mpaka anamulola kupita. Sumaili anangotumiza mawu pafoni, akuti nyanja yakwiya, boti silikuyenda. Raihana anamuyankha ali pasiwa, misozi ili chuchuchu: "Mungonena kuti mayeso a ana a eni aposa mayi anu." Kenako anamubuloka pafoni. Pa Idi iliyonse moni wake unkabwera kudzera kwa amalume, iye n'kungoti, "Ndamva."

Hawwa analowa ndi tiyi. Chichewa sankachimva, koma anaona nkhope zawo.

"Pali chimene chasowa?" anafunsa m'Chingerezi. "Ndinalongedza ndekha. Njinga yokha ndi imene inatsala."

Raihana anadzidzimuka. Pafoni sanachimve bwino, koma apa chinamveka: Chingerezi cha mtsikanayo chinali cha Sumaili. Kakokedwe ka mawu komweko, ngakhale kaimidwe pakati pa chiganizo ngati munthu akudikira kuti ophunzira amalize kulemba.

"Anakuphunzitsani?"

"Kuyambira giredi seveni," Hawwa anamwetulira. "Chilumba chonse timayankhula ngati Sir. Alendo amatifunsa kuti Chingerezi chimenechi n'chakuti."

Anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza. Chilumba chawo munthu amachizungulira wapansi mphindi makumi anayi, komabe Sir anagula njinga, ati mphunzitsi safika pasukulu ndi mchenga m'nsapato. Mwezi woyamba anaonda chifukwa chakudya cham'mawa kumeneko ndi nsomba yosakaniza ndi kokonati, ndipo ankafunsa ngati anthu sakudziwa kuti kunja kwangocha kumene. Pambuyo pake ndi iye ankayamba kufika padoko asodzi akamakocheza. Anayesa kanayi kudzala maungu kuseri kwa chipinda chake, kanayi konse dothi lamchere linawapsereza. Kambuzi yekha ndi amene anamera, m'zitini za penti. Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka ankakhala pansi pa mtengo ndi amayi a pachilumbapo, kuwaphunzitsa kuwerenga malangizo a pamabotolo a mankhwala ndi makalata ochokera kwa amuna awo ogwira ntchito m'mahotelo a kuzilumba zina.

A Waziri anali atasiya kukutumula mabuku.

"Inu ndinu mlongo wake yekhayo?" Hawwa anafunsa. "Ndiye ndi inu munali ndi mayi pomaliza. Pepani kwambiri. Sabata imeneyo sitidzaiiwala."

"Sabata iti?"

"Ya maliro a mayi anu. Inali Juni, nyengo ya mphepo. Boti lathu limabwera kawiri pasabata, koma nthawi imeneyo linatha masiku asanu osaoneka. Sir anakhala padoko ndi sutikesi yomweyi. M'mawa, masana, mvula ikumuthera pathupi. Anapempha bambo anga kuti amuwolotse pa boti lausodzi, anagwira mpaka mapazi awo. Bambo anayesa tsiku lachiwiri, koma mafunde anawabweza asanafike patali, injini italowa madzi. Tsiku lachitatu atamva kuti mwaika, anapita kumzikiti, amuna onse anamutsatira kukapemphera naye. Atatuluka anabwereranso padoko. Tinkamupititsira chakudya komweko." Anaima pang'ono. "Sanakuuzeni?"

Raihana anayang'ana botolo la kambuzi limene linali m'manja mwake. Sumaili anamuuzadi. Anamuuza m'mawu ochepa, monga ankanenera chilichonse chomupweteka kuyambira ali ana, ndipo iye sanafune kumva.

"Ankati muli bize kwambiri," Hawwa anapitiriza. "Ati ntchito ya m'hotelo siipatsa munthu mpata woimba foni."

A Waziri anavula kofia, anaiyang'ana mkati, n'kuivalanso.

"Ine ndinamunenera mawu oipa mwana ameneyu," anatero m'Chichewa, mawu atatsika. "Pamaso pa anthu, kumanda. Iye chaka chilichonse kundiimbira, amalume muli bwanji, osatchulako n'kamodzi komwe."

Kalata ya dimba inapezeka m'thumba la malaya amodzi, itakulungidwa m'pulasitiki. Raihana anaifunyulula, anaona chidindo cha chala cha mayi ake, n'kuipindanso.

"Nasibu alime chaka chino, ana adye," anatero. "Koma kalatayi ndisunga ine. Zina tidzakamba sadaka ya masiku makumi anayi ikadutsa. Achimwene sitinawalire n'komwe, amalume."

A Waziri anagwedeza mutu. "Halasi, yatha. Wanena bwino." Anatenga cholembera chofiira chimodzi pamtolo paja, anachiika m'thumba la yunifolomu, n'kutsanzika. Panalibe amene anawafunsa kuti n'chachiyani.

Raihana anabwezera zinthu m'sutikesi mmene zinalili. Anafuna kufunsa ngati Sumaili anavutika pomwalira, ngati anatchula dzina la munthu, koma anaona kuti alibe nkhope yofunsira zimenezo. Anangofunsa za manda.

"Ali pafupi ndi agogo anga," anatero Hawwa. "Ana a sukulu amasesapo Lachisanu."

Raihana atathokoza n'kuimirira kuti azipita, anapeza Hawwa wavala kale masilipasi, sutikesi ili m'manja.

"Ayi, musavutike. Sitima ya Metro ili pafupi, ndipo kunjaku kukuotcha."

Hawwa anakana ndi mutu. Anakwinya pachipumi ngati mwana amene akukumbukira za pamayeso, ndipo anayankhula Chichewa, liwu limodzilimodzi, lilime likupunthwa:

"Mlendo... timaperekeza."

Raihana anagwira chitseko.

"Aliyense wobwera kwa Sir, ngakhale kamwana kodzafunsa homuweki, ankamuperekeza mpaka pageti la kwawo," Hawwa anabwerera ku Chingerezi. "Poyamba tinkamuseka, pachilumba chopanda posochera. Pano tonse timatero."

Anatsika masitepe n'kulowa m'dzuwa la masana. Anadutsa malesitilanti ndi mashopu a mafoni, Hawwa akusinthasintha dzanja chifukwa sutikesiyo inalibe matayala. Kawiri konse Raihana anatambasula mkono kuti alandire, kawiri konse anakanizidwa. Atafika pakhomo la siteshoni ya pansi panthaka, mtsikanayo sanaiike pansi. Anaipereka ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono, ndipo anaima pomwepo padzuwa mpaka Raihana anatsika osaonekanso.