Tsiku Lometa Maliro a Winifred

"Ndikufunsa iwe, wena. Zonyansa izi anamata pakhoma ndani?" anakalipa Simeon.

"Mwini wake tamuika m'manda dzana, inu kulibe," anayankha Loice. "Kamufunseni komweko."

Khofi linamveka mpaka panja, pomwe anthu anakhala kudikira mwambo wometa. Simeon, mwamuna wa malemu Winifred, anali atatsika sitima ya ku Wankie m'mawa womwewo. Zaka zinayi anali asanaponde m'kachipinda aka ka ku Lokeshoni ya ku Bulawayo, ngakhale kalata sanalembe. Koma lero ndiye anali woyamba kumetedwa, poti wamasiye anali iyeyo. Loice, amene anagona mphasa imodzi ndi Winifred zaka zonsezo, anali atauzidwa kuti amange katundu wake azipita, chifukwa lumo ndi la abale okha. Sanapite.

Zimene Simeon ankalozazo anali mapepala chabe. Winifred ankagwira ntchito yomasula mabokosi m'sitolo ya Mmwenye wina mumsewu wa Lobengula, ndipo makapu ochokera ku Japani ankabwera atakulungidwa m'masamba ong'ambidwa m'magazini a kumeneko. Anzake ankakolezera moto. Iye ankawasita ndi simbi yofunda pang'ono n'kuwamata pakhoma ndi phala. Panali atsikana awiriawiri a maso aakulu achisoni: awa abisala pansi pa ambulera imodzi, awa akutsanzikana pasiteshoni maluwa akuyoyoka pamapewa awo. Zilembo zake zinkatsika mizere ngati linthumbu, palibe ankazidziwa. Winifred ankaziwerengabe, chala chikutsetsereka, akupeka yekha mawu, ndipo nthawi zonse wamtaliyo ankakhala Loice. Ankati dziko limenelo amalisowa ngati kwawo kumene anamuchotsako ali khanda.

Simeon anakanda khoma ndi zala zonse. Mapepala anang'ambika, atsikana aja analekana pakati. Loice anamulumphira n'kumuluma pamkono mpaka kulawa magazi. Mwamunayo anamukankhira kukhoma, kabati inagwa, makapu anasweka. Anamuponda m'nthiti kawiri, kenaka anamugwira kolala ya bulauzi n'kumukwekwereza pamapale mpaka pabwalo, akukuwa m'Chinyanja ndi m'Chindebele momwe kuti mkazi uyu ndi mfiti, anadyetsa mkazi wake mankhwala oiwalitsa mwamuna. Amuna anzake anaimirira, koma mochedwa, ngati anthu ofuna ayambe aona. Atamugwira anali atathyola kale dzino la Loice.

Azakhali a malemu, a Aida, sanasunthe pamtondo pomwe anakhala. Lumo linali m'manja, beseni la madzi pamapazi. Iwo ndiwo ankabweretsa phala masiku onse amene Winifred ankatsokomola magazi, ndipo ankadziwa bwino amene ankamutembenuza, amene ankachapa nsanza, amene anamutseka maso. Sanayankhulepo kanthu nthawi imeneyo, ndipo sanafune kuyamba lero anthu ali gwa kuyang'ana.

Anawerama, nauza Loice motsitsa mawu kuti atchule chimene akufuna, kaya bulangeti, kaya sutikesi, kaya simbi, atenge achoke asanamuphe. Anamukumbutsa kuti akadali mtsikana, kwawo kuliko, sitima ya ku Nyasalande siinathe.

Loice analavula magazi pafumbi. Anakwawa ndi maondo, dzanja limodzi lili m'nthiti, mpaka anafika pamphasa imene anayalira Simeon. Mwamunayo anafuna kupulumuka m'manja mwa omugwira, koma ulendo uno anamulimbitsa.

Loice anamasula duku. Amayi amene anali pafupi anatong'ola maso. Tsitsi linali lolukidwa ndi ulusi wakuda, mizere yokhotakhota, ina yothina, ina yolendewera, ngati waluka ndi mwana. Winifred, amene Lokeshoni yonse inkamutama pa zoluka, analiluka Lamlungu lake lomaliza, atatsamira khoma, akupumira pamzere uliwonse. A Aida analipo. Anadzimvera okha Winifred akukana kuti wina amuthandize, akuseka uku akutsokomola kuti munthu wake sangayende m'tauni ya Bulawayo ngati nkhuku yonyowa.

Loice anaweramitsa mutu pamwamba pa beseni. Magazi anadontha m'madzi.

"Bulangeti sindikulifuna, azakhali," anatero. "Mundimete. Muyambire ine. Wamasiye wa Winifred ndine."