Kassim Salowa M'dzenje

"Tsika, bwana wa golide! Kapena tikuyalire mkeka?"

Anali Bento, mkulu wa adzukulu, akufuula ali m'manda mpaka m'chiuno, thukuta likutsikira m'ndevu. Anatambasula khasu kuti Kassim alandire. Kassim sanalandire. Anangoima m'mphepete, manja ali m'matumba a jekete, maso akuyang'ana kumbali.

Nedson anali atangofika ndi bango loyezera, lija anadula molingana ndi msinkhu wa bambo ake, a Alufandika, amene mtembo wawo unali m'nyumba kuyambira dzulo lake. Anaona zonse. Anaona nsapato zoyera za Kassim, zopanda fumbi ngakhale pang'ono. Anaonanso mota yake, njinga yamoto yofiira, itaimikidwa pamthunzi, panjira ya kumanda.

"Ndizichotsa dothi ndili kunja kuno," anatero Kassim chapansipansi.

"Musiyeni," anatero mdzukulu wina. "Dothi la kuno ku Nkholongue mulibe golide."

Anthu anaseka mobisa, chifukwa panali pamanda. Nedson sanaseke. Iye ndi Kassim anakulira limodzi, kusambira doko limodzi, kukwapulidwa ndi mphunzitsi mmodzi. Kassim anadya kangati nsomba za a Alufandika? Lero munthu amene ntchito yake ndi kukumba maenje a golide ku Lupilichi akukana kukumba dzenje limodzi lokha ili.

Anaponya bango pansi.

"Ngati ukuopera nsapato, pita. Bambo anga tiwaika popanda iwe."

Kassim anayang'ana bangolo. Anatembenuka. Patapita kanthawi mota inalira n'kuzimiririka cha kumsewu wa ku Metangula.

*

Anthu atabalalika, abale a ku Lunho atakwera minibasi ya shapa, pakhomo panatsala anthu atatu a mitu yometa: mayi Luisa, mwana wawo wamkulu Duwa, ndi Nedson. Amayi ndi Duwa anali pambali pa nyumba, akufinya chinangwa chovuula m'madzi ndi kuchiyanika pathandala. Fungo lake lowawasa linadzaza pabwalo.

"Bwato ndi matchera ndikugulitsa," anatero Nedson. "Ndikupita kumaenje."

Amayi sanadzutse mutu. Anafinya chinangwa china, n'kuchiika pamzere.

"Tsitsi la maliro silinamere n'komwe," anatero Duwa.

"Likamera ndiye nsomba zibwerera m'nyanja?"

"Bwato likapita, ife tizidya chiyani? Mphepo?"

"Panopa mukudya chiyani, achemwali? Kondowole ndi chisoni. Ndikakatumiza zochokera uko mudzadya ngati anthu."

"Ngati anthu ati?"

"Ngati anthu!"

Anakankha chidebe ndi phazi, nkhuku zinabalalika. Mawu a kumanda aja anali akumuwirabe m'chifuwa. Katekisiti anaima pamutu pa dzenje n'kunena kuti malemuwa anali munthu wokhutira ndi zimene Mulungu anawapatsa. Anthu anavomera ndi mitu. Nedson anafuna kufuula kuti wokhutira ndi chiyani? Bambo ake anabwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha ali ndi khasu, bulangete ndi mkazi. Apita lero asiya khasu, bulangete ndi mkazi wamasiye. Moyo wonse anapalasa, manja anachita zikang'a, ndipo atadwala anayenera kudikira panjira dzuwa lonse kuti galimoto yachifundo iwatengere kuchipatala. Pamene ena, anyamata a dzulodzulo, akungokanda pansi n'kubwera pa mota.

"Amayi, nenani nokha," anatero. "Bambo anapeza chiyani m'nyanjamo? Ndiuzeni chinthu chimodzi."

"Anapeza inu," anatero amayi, osamuyang'ana.

"Ndiye zinawalaka."

Duwa anapukuta manja pachitenje. "Nena zoona, iwe. Si za amayi izi, si za njala. Ukufuna mota. Kuyambira tsiku lija mnzako anafika nayo sunagonepo bwino. Unamuthamangitsa kumanda osati chifukwa cha bambo, koma chifukwa cha nsapato zake. Zikanakhala kuphazi kwako nawenso sukanatsika."

Nedson anamuyang'ana mlongo wake mpaka maso anayamba kuwawa. Anatuluka pabwalo.

*

M'mawa wotsatira anali kudoko, akukapa madzi m'bwato ndi chigubu chodula, kuti wogula wa ku Metangula akabwera alipeze louma. Bwatolo linali lakale, lazigamba za malata kumutu, koma lopanda mng'alu. Mwera unali utagona. Azimayi awiri ankatsuka mapoto chapatali.

Anamva matayala pamchenga. Kassim anali kukankha mota, osaikwera. Anaiimika pafupi ndi bwato, anazula kiyi, n'kumutambasulira.

"Ndamva ukugulitsa."

"Si za iwe."

"Tisinthane. Tenga mota, undipatse bwato ndi matchera."

Nedson anawongoka, chigubu chili m'manja. "Wabwera kudzandiseka? Kumanda sunakhute?"

"Mapepala ake onse alipo. Mafuta ndathira dzulo."

"Mota yatsopano, ndi chigogo ichi? Ukuona ngati ndine chitsiru?"

"Epa, Nedson, landira. Dzanja latopa."

Apo ndi pamene Nedson analiona dzanjalo. Kiyi inkagwedezeka, ikulira ngati kabelu ka mbuzi. Kassim anayesa kuligwira ndi linzake, koma nalonso linkanjenjemera. Ndiye n'chifukwa chake ankawabisa m'matumba.

"Wadwala malungo?"

Kassim anakhala pamphepete mwa bwato. Analankhula akuyang'ana madzi.

"Tinali awiri pansi, ine ndi mnyamata wina, Gideoni, wa ku Maniamba. Mvula inali itagwa. Dzenje linangotseka. Silinachite phokoso n'komwe, linangoti phwa, ngati munthu wakhala pansi. Mwendo wake unali pakhosi panga. Ndinkamumva akupuma, akuitana amayi ake. Kenako anasiya kuitana. Kenako mwendo unazizira. Anzathu anandipeza ine chifukwa anayamba kukumba mbali yanga. Basi. Palibe chifukwa china."

Nedson anaika chigubu pansi.

"Mota iyi ndinagula ndi golide wa tonse awiri," anapitiriza Kassim. "Kwawo sindikudziwa khomo lake. Ndimaikwera ngati ndabereka mtembo kumbuyo. M'nyumba ndimagona chitseko chili pululu. Ngakhale kuchimbudzi, mbale wanga, ndimasiya chotsegula, ana amandiseka. Ndiye Bento akuti tsika. Ndinafuna kutsika. Kwa bambo ako ndinafuna. Miyendo inakana."

"Bwanji sunanene?"

"Pamanda? Pamaso pa Bento? Amayi anga akuuza mudzi wonse kuti mwana wawo walemera." Anaseka kuseka kouma. "Wodziwa anali mmodzi. Bambo ako."

"Bambo anga?"

"Atayamba kufooka ankakhala pamwala apo m'mawa, akusoka matchera. Iwe unali ku Metangula, kufunsa za magalimoto opita kumaenje. Ine ndinkabwera kudzangoyang'ana nyanja. Sanandifunse kanthu. Tsiku lina anangondipatsa chingwe kuti ndigwire, anaona manjawa, n'kuti, 'Khala pansi, mwanawe.' Ndinawauza zonse." Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Ndinkakusirira, Nedson. Umadzuka, pamwamba pako pali thambo. Ukabwerako amayi ako amadziwa kumene wachokera."

"Thambo sadya."

"Ndikudziwa."

"Ndipo si onse amene dzenje limawagwera."

"Si onse," anavomera Kassim. "Tenga kiyi."

Nedson anaitenga. Inali yotentha ndi thukuta la mnzake. Anayang'ana mota, yofiira, yonyezimira, galasi lake likuonetsa nkhope yake yomwe ndi mutu wometa. Chinthu chimene anakhala akuchilota chinali m'manja mwake. Sanamwetulire, komabe sanaibweze.

"Ndikawauze amayi," anatero.

*

Anawapeza akusesa kuseri kwa nyumba. Duwa anali pakhonde, akutembenuza chinangwa. Nedson anafotokoza mwachidule, mouma, ngati nkhani ya anthu ena: Kassim akufuna bwato, akupereka mota, ndipo ndi mota ulendo wa kumaenje ndi wapafupi. Za Gideoni sananene.

Duwa anafuna kulankhula, koma amayi anakweza dzanja. Anatsamiritsa tsache pakhoma n'kulowa m'khitchini. Kunamveka kusuntha kwa nkhuni. Anatuluka atanyamula nkhafi yatsopano, mtengo wake ukadali woyera. Mbali imodzi inali yosalala bwino. Mbali inayo inali ndi zipsera za kasemasema, zoyamba zakuya, zotsatira zosaya, zomaliza zongokanda pamwamba.

"Bambo ako anayamba kuisema mwezi watha," anatero amayi. "Ankasema pang'ono, n'kugona, n'kudzuka, n'kusemanso. Ndinawaletsa, sanamve."

Nedson anaiimika pansi. Inamupitirira paphewa. Kwa iye inali yaitali.

"Si yanga iyi."

"Yako ilipo kale. Iyi anayezera mwana wa eni uja, Kassim. Anati, 'Mnyamata ameneyu kumaenje sabwererako, ndipo Nedson sangapalase n'kutcheranso yekha ine ndikapita.'" Anatola tsache lawo. "Ndimati ndiisunge mpaka mitima itazizira. Koma poti bwato likupita naye, mupatse. Amalize yekha."

Anapitiriza kusesa.

Nedson anaima pomwepo, nkhafi kudzanja limodzi, kiyi kulinzake. Anaganiza za manja aja a Kassim atagwira chitsulo chakuthwa. Anayendetsa chala pazipsera zomaliza zija, pamene mphamvu za bambo ake zinathera.

"Achemwali," anatero. "Kassim ali kudoko. Kamubwezereni kiyi yake. Mumuuze asachoke."

Duwa analandira kiyi n'kulunjika kudoko.

"Amayi, kasemasema ali kuti?"

"Patsindwi, pamene anamusiya."

Anakamutenga. Anakhala pansi pakhonde, anapanikiza nkhafi pakati pa mawondo, n'kuyamba kusema mbali yotsalayo.