Makumba a ku Chiuta

Sitima isanaime n'komwe pa Nkaya, Usumani anali atatulutsa kale mutu pawindo, akukuwira amayi ogulitsa malonda.

"Amayi a zitumbuwa, thamangani kuno! Muno muli munthu watha zaka zisanu osaona mafuta pamilomo!"

"Tsitsa mawu iwe," anatero Wadson, akuunguza anthu ena m'sitimamo.

Munthu amene ankanenedwayo, Elliam, anali phee kumapeto kwa benchi, manja ali pamaondo. Atatuwa anakulira limodzi ku Balaka. Usumani anali telala pakhonde la sitolo ina, Wadson anali kalaliki mu ofesi ya boma, ndipo Elliam anali mphunzitsi mpaka tsiku lina m'chaka cha 1978 pamene galimoto inaima pasukulu n'kumutenga choko chili m'manja. Mlandu sunazengedwe. Anamutulutsa m'ndende patatha zaka zisanu, n'kupeza ntchito palibe, mkazi wake atakwatiwa kwina, anthu akumulambalala pamsewu ngati wakhate.

Ulendowu anauganiza ndi Usumani. Mlongo wake Zaina anakwatiwa kunyanja ya Chiuta, ndipo Usumani ankalumbira kuti munthu akadya mpunga ndi nsomba za makumba zophika Zaina, ngakhale mtima wofa umadzuka.

Anagula zitumbuwa, chinangwa chophika ndi nzimbe ziwiri, n'kuunjika zonse pamiyendo ya Elliam.

"Idya, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Lero uyambira pa Nkaya, ukathera m'malire," anatero Usumani.

Elliam anatenga chitumbuwa chimodzi, n'kutembenukira kukhoma. Anachidya mofulumira atachiphimba ndi dzanja. China anachilowetsa m'malaya. Nzimbe anangoigwira, n'kuibweza.

"Mano akutsogolowa anatsala kumene kuja," anatero motsitsa.

Usumani anatulutsa kampeni n'kuyamba kusenda nzimbe ija, kuidula timapisi ting'onoting'ono ngati akudulira mwana. Ankadula akutukwana. Anatukwana amene anagulula manowo, amene anawatuma, ndi amene anawabereka. Bambo wina wa jekete amene anakhala moyang'anana nawo ananyamula chikwama chake n'kusamukira kutsogolo.

Anatsika pa Liwonde dzuwa lili pamutu. Lole ya ogula nsomba imene ankadalira inali isanafike, choncho anayenda kupita pamlatho kukaona Shire. Madzi ankadutsa mwaulemu, atasenza zitsotso za udzu. Cha kumtunda, pafupi ndi bango, mitu ya mvuu inkatuluka n'kumiranso.

"Taona, Elliam! Zinayi, ndi kamwana komwe! Iyo ikuyasamulayo ikufanana ndi ahedi athu aja a Sitandade 5."

"Eya, ndaziona," anatero Elliam akumwetulira. "Zazikulu bwanji."

Wadson anamuyang'ana. Nkhope ya Elliam inaloza kwina, kumene kunali bwato lokha lomangirira pachitsa. Apo m'pamene Wadson anazindikira chifukwa chake mnzawoyo ankayenda atagwira mkono wa Usumani kuchokera m'mawa. Anafunsa funso limene anali atalisunga kuyambira ku Balaka.

"Kodi masowa anayamba liti? Ankakusungani mumdima?"

"Ndi ukalamba chabe."

"Ukalamba wanji, tonse tili ndi zaka makumi anayi? Kunali bwanji kumeneko? Munali ndi ndani?"

"Kunali bwino," anayankha Elliam. "Boma linatisamala."

"Linakusamala!" anakuwa Usumani. "Nkhuku nayonso amaisamala Khirisimasi ikamayandikira."

Elliam sanaseke. Anapempha kuti abwerere kukadikira lole.

Njira yodutsa ku Ntaja inali ya fumbi ndi mabampu. Anakwera pamwamba pa madengu opanda kanthu onunkha nsomba. Usumani ankatchula chilichonse chimene ankadutsa, mapiri, misikiti, minda ya nandolo, ngati kondakitala, ndipo tsopano ankafotokoza ndi mtundu womwe, poti naye anali ataona zija za pamlatho. Wadson anayesanso kawiri kufunsa za kundende. Kawiri konse Elliam anayankha za nyengo.

Anafika kwa Zaina chakumadzulo. Mayiyo anatuluka akupukuta manja pachitenje, n'kugwada patsogolo pa alendo.

"Che Usumani, mwandibweretsera aphunzitsi anga! Achimwene, mukundikumbuka? Munkandithandiza samu pakhonde la amayi."

"Mawuwo ndawakumbuka, achemwali," anatero Elliam.

Mwamuna wake, Uladi, anawapatsa moni wa m'manja koma sanakhale pansi. Anati akuyenera kukapereka maina a alendo kwa atcheyamani a chipani, poti kuno n'kumalire ndipo kutsidya kuli nkhondo. Anabwerako nkhope itagwa, n'kukokera mlamu wake pambali. Mawu ankamveka ndithu.

"Alamu, simunandiuze kuti mmodzi ndi wochokera kuja. Akuti agone lero lokha. Ine ndili ndi ukonde ndi ana. Mawa lole ikamabwerera, mukwere."

Zaina anachita ngati sanamve. Anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, n'kubweretsa mpunga wa m'dambo momwemo, wonunkhira mpaka kumsewu, makumba owamba ophikidwa ndi tomato, chisoso chotendera, ndi mkate wa mpunga ndi nthochi wokulunga m'masamba. Anakhala pambali pa Elliam n'kumamuchotsera minga.

"Bisimilahi," anatero Usumani. "Amene asiye kanthu m'mbale abwerera wapansi."

Kwa kanthawi zinaoneka ngati ulendo waphula kanthu. Elliam anadya osatembenukira kumbali. Anati msuzi wotere anaulota kambirimbiri. Anafunsa ngati mpungawo ndi wa chaka chino. Usumani anamuwonjezera, n'kumuwonjezeranso, akutsinzinira Wadson diso.

Kenaka Elliam anaimirira mwadzidzidzi. Anayang'ana kumene kunali Uladi, manja ali kumbuyo.

"Bwana, ndingapite kuseri?"

Anapapasa khoma mpaka kuseri kwa nyumba, ndipo onse anamumva akusanza. M'mimba mozolowera mgaiwa wosapsa ndi nyemba zofumbwa munakana mafuta. Zaina anaphimba nkhope ndi mpango. Usumani anakankha mbale yake.

M'mawa mwake Usumani anapita ndi mlamu wake kukasankha nsomba zoti atengere kwawo. Wadson anatsogolera Elliam kudooko. Asodzi anali akukoka mabwato m'matope, amayi akuyanika matemba pamathandala a bango. Anakhala pabwato lina lovundikira.

"Tandiuza zimene zikuoneka," anatero Elliam.

"Madzi ndi otuwa, odzaza udzu. Pakati pali kachilumba ka miyala. Kutsidyako kuli mapiri, ndiye ku Mozambique."

"Ndi pafupi?"

Wadson anamugwira mkono.

"Usandifunse zimenezo, Elliam. Chonde usandifunse. Ndikhala nazo bwanji?"

"Uzilemba basi. Si ndizo anakutuma?"

Mbalame zinalira m'bango. Wadson anayang'ana nsapato zake.

"Unadziwa liti?"

"Tsiku limene Usumani anandiuza kuti tchuthi chako achivomera tsiku limodzi. Kalaliki wa boma kupempha kuyenda ndi munthu ngati ine, n'kumuuza kuti pita bwino? Ndiponso iwe chibadwire sufunsa mafunso. M'kalasi unkabisala kumbuyo kwanga. Dzulo wandifunsa kanayi."

Wadson anafotokoza zonse. Atangopereka kalata yopempha tchuthi anaitanidwa m'kachipinda kena kuseri kwa maofesi. Munali bambo wa tayi amene sanatchule dzina lake. Bamboyo ankadziwa maina a ana onse asanu a Wadson, ankadziwanso kuti mkazi wake Martina ndi woyembekezera ndiponso kuti nyumba imene akukhala ndi ya boma. Anamuuza kuti apite, amvetsere, Lolemba abweretse pepala.

"Ndikanakana bwanji? Ndiuze, ndikanakana bwanji?"

"Sukanakana. Inenso anandipatsa pepala kumene kuja, ndinasaina. Sindidziwa kuti linapweteka ndani."

"Ndikhululukire."

"Kukhululuka n'kwa anthu amene ali ndi mphamvu yobwezera. Ine ndingokuthandiza homuweki ngati kale. Uli ndi pensulo?"

Wadson anatulutsa pensulo ndi kabuku m'thumba la malaya. Elliam anayamba kutchula mawu pang'onopang'ono, ndi liwu lija ankaphunzitsira ana.

"Lemba kuti anadya zitumbuwa pa Nkaya. Anaona mvuu pa Liwonde. Anayamika boma chifukwa cha mlatho. Ku Chiuta anadya makumba, n'kuyamika boma chifukwa cha mtendere. Za kutsidya sanafunse."

"Nanga Usumani?"

"Usumani anali ndi chimfine, sanalankhule. Ukayenda umasiya phazi, koma uja wasiya mlomo kuchokera ku Balaka mpaka kuno. Ukalemba liwu lake limodzi lokha, sabwerako. Ine ndinabwerako chifukwa ndimatha kukhala chete. Uja angafe sabata yoyamba."

Wadson analemba. Misozi inadontha papepala, n'kuipukuta ndi chala.

"Chinanso," anatero Elliam. "Tikafika, usabwerenso kwathu. Ukandiona pamsewu, dutsa. Ine sindikuona n'komwe, sindidandaula. Akasowa chokutuma kwa ine, mwina akusiya."

Usumani anatulukira atasenza mtolo wa makumba owamba, akuseka ndi asodzi m'Chiyao.

"Mwakhala ngati anamfedwa bwanji? Dzulo tinalakwitsa, tinayamba ndi mafuta. Zaina wakonza phala la mpunga. M'mimba ndi mwana, umachita kumunyengerera."

Elliam anamwa phalalo theka. Pokwera lole, Zaina anamupatsira mkate m'manja, koma Uladi anali atapita kale kunyanja osatsanzika. Ulendo wobwerera unali wautali. Usumani anayesa kutchulanso mapiri, koma atafika pa Ntaja analeka.

Lolemba m'mawa Wadson anagogoda pakachipinda kaja. Bambo wa tayi anawerenga pepala lonse osafulumira, n'kuliika pansi.

"Mnzanuyu waphunzira. Tikuthokoza." Anagogoda tebulo ndi cholembera. "Koma telalayu. Masiku awiri, chimfine chokhachokha?"

"Inde, bwana."

"A Wadson, ine ndasoketsa zovala kwa matelala ambiri. Telala wosalankhula sindinamuonepo. Mphunzitsiyu musiyeni, watha ntchito. Muzicheza ndi telala. Lachisanu lililonse muzibwera ndi pepala, ndipo chimfine chikhale chitapola." Anamwetulira. "Mayi akunyumba ali bwanji? Masiku ayandikira, eti?"

Wadson anatuluka. Poweruka anafuna kuzungulira njira ya kusiteshoni kuti apewe khonde la telala, koma Usumani anamuona ali patali, n'kuimitsa makina.

"Wadi! Bwera kuno, wandithawa chiyani? Elliam wandikaniza, akuti maulendo atha. Ndiye tatsala awiri, ine ndi iwe. Khala apa, ndaitanitsa tiyi. Mutu wanga wadzaza, ndikapanda kulankhula ndiphulika. Anthu amenewa, Wadi, zimene amuchita mnzathu uja..."

"Usumani, ndili ndi changu."

"Changu cha chiyani? Ndikapanda kuuza iwe ndiuza ndani?"

Anachotsa nsalu pampando, n'kuupukuta ndi dzanja. Wadson anayang'ana msewu wopita kwawo, anayang'ana mpandowo. Kenaka anakhala pansi, ndipo Usumani anayamba kulankhula.