Anavota Amayi Ali Kukhitchini

Vainess anasinthana shifiti ndi mnzake, nayendetsa galimoto maola atatu kuchokera ku South Bend ndi cholinga chimodzi basi: kukapikisana nawo pa mpando wa tcheya wa bungwe la Amalawi okhala kunja kwa dziko. Zaka zisanu ndi ziwiri ndiye ankathamangira maliro, kuchingamira alendo pa eyapoti, kusakira ana a sukulu pogona. Mwamuna wake, Alufeyo, anamulimbitsa mtima njira yonse.

Msonkhano unali ku Beech Grove, kunyumba kwa Dokotala Hamilton, dokotala wa mabuku osati wa jakisoni, amenenso ankaufuna mpandowo. Vainess asanavule n'komwe jekete, mayi a pakhomopo anamugwira dzanja.

"Asisi, tithandizeni kaye kukhitchini. Zovota ndi after lunch."

Akanakana bwanji? Anamanga chitenje, nayamba kukazinga nkhuku pamodzi ndi amayi ena asanu ndi atatu. Pabalaza, mawu a Dokotala ankamveka ngati wayilesi yopanda batani lozimitsira.

"Mu constitution ndalembamo kuti bungwe lathu ndi egalitarian. Mawuwa ndi ochokera ku Chifalansa, égal, kutanthauza kulingana. Muzu wake ndi Chilatini, malo osalala, opanda chitunda. Pano palibe wamkulu, palibe wamng'ono!"

M'manja munaombedwa. Kenako kunangoti zii. Kenako m'manja munaombedwanso, kwambiri.

Vainess anatuluka ndi mbale ya nkhuku, napeza abambo akugwirana chanza.

"Tavota kale, mayi," anatero Dokotala, akumwetulira. "Nthawi inatithera. Manja khumi ndi awiri, onse asankha ine, unanimous. Sitinafune kukudisturbani."

Vainess anawerenga mitu. Analipo khumi ndi awiri ndendende, ndipo wakhumi ndi chiwiri anali Alufeyo, maso ali pa nsapato. Mtima unamuwira. Za Dokotala sanadabwe nazo. Chinamupweteka ndi dzanja lija limadya kunyumba kwake tsiku ndi tsiku.

"A Dokotala, paja mwati malo osalala? Ndiye chitunda chili pakhomo la khitchini yanuyi anaunjika ndani?"

Mbale ija anaiika pa constitution penipeni, mafuta n'kuyenderera papepala. Anamasula chitenje, natola makiyi.

Alufeyo anamuthamangira panja. "Amayi a Upile, nanga ine ndibwerera bwanji?"

Vainess anatsitsa galasi pang'ono.

"Imikani dzanja pamsewupo, bambo. Ndaona kuti mumatha."